Anthu amene mzinda suwaona: momwe amafufuzira zosowa za m'madera osauka a m'tauni

M'chaka cha 2000, bungwe lofufuza za anthu ndi umoyo la APHRC linalowa m'madera a anthu osauka a mumzinda wa Nairobi ku Kenya, n'kumafunsa amayi za ana amene anabereka ndi amene anamwalira. Linapeza kuti pa ana 1,000 alionse obadwa m'maderawo, 151 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Chiwerengero cha mzinda wonse wa Nairobi chinali 62, pomwe cha kumidzi ya dzikolo chinali 113. Ndiye kuti mwana wobadwira m'kachipinda ka malata, pafupi ndithu ndi zipatala zikuluzikulu za dzikolo, anali pachiopsezo chachikulu kuposa mnzake wa kumudzi kumene chipatala chili kutali.

Palibe amene ananama pa 62 uja. Nambalayo inali yoona, kungoti inasakaniza ana a m'nyumba za mipanda ndi ana a m'zisakasa, ndipo moyo wabwino wa oyambawo unaphimba imfa za anzawo. Umu ndi mmene mizinda yambiri imadzinamizira. Onse akaphatikizidwa, tauni imaoneka bwino kuposa mudzi, ogawa ndalama n'kutembenukira kwina. Kafukufuku wa zosowa za dera amachitika pofuna kuvundukula zimenezi. Amafunsa kuti muno mukukhala ndani, akudwala chiyani, akufa ndi chiyani, chikuwadwalitsa n'chiyani, ndipo thandizo lomwe lilipo likufika kwa yani.

Nkhaniyi si ya anthu ochepa. Bungwe la United Nations loona za malo okhala anthu, la UN-Habitat, limati anthu oposa 1 biliyoni padziko lonse amakhala m'madera otere. Banja limawerengedwa m'gululi likasowa ngakhale chimodzi mwa izi: madzi abwino, chimbudzi choyenera, nyumba yolimba, malo okwanira ogona kuti anthu asapitirire atatu m'chipinda chimodzi, ndi chitsimikizo chakuti silithamangitsidwa pamalopo. Chomalizachi chimavuta kuchiyeza, koma monga tione, ndi chimene chimalamulira mayankho ambiri amene wofufuza amalandira pakhomo.

Muno muli anthu angati?

Funso looneka lophwekali ndi limene limagwetsa akafukufuku ambiri asanayambe n'komwe. Kwa zaka zambiri manyuzipepala ndi mabungwe ankanena kuti ku Kibera, dera lina la Nairobi, kuli anthu ofika 1 miliyoni. Kalembera wa boma wa 2009 anapezako anthu pafupifupi 170,000. Ena anatsutsa kuti kalemberayo anasiya ambiri, ena anati zimatengera pamene mwaika malire a deralo. Koma taganizani mkulu wa zaumoyo amene akufuna kuitanitsa katemera wa dera lomwe sakudziwa ngati lili ndi anthu 170,000 kapena ochuluka kasanu.

Tinene kuti chipatala chabaya katemera ana 800. Ngati ana a msinkhu umenewo m'deralo alipo 900, ntchito yayenda. Ngati alipo 3,000, mliri wa chikuku uli pakhomo. Nambala ya obayidwa ndi yomweyo, ndipo chipatala chimaidziwa bwino. Chimene sichidziwa ndi nambala ya ana onse.

Zifukwa zake n'zodziwika. Nyumba zilibe manambala, tinjira tilibe maina. Kuseri kwa chipata chimodzi kumakhala mabanja khumi, lililonse m'chipinda chake, koma wolembera wothamanga amalemba nyumba imodzi. Anthu amasamuka lendi ikakwera kapena ganyu ikatha. Ena amagona pamsika, ena pamalo pomwe amalonda usiku, ena amasinthana bedi limodzi, wina masana wina usiku. Akafukufuku akuluakulu a dziko lonse amasankha makomo owayendera kuchokera pa mndandanda wa kalembera wapitayo, ndipo kalembera amachitika kawirikawiri pakatha zaka khumi. Dera lomwe lamera m'mbali mwa mtsinje zaka zinayi zapitazo silipezeka pamndandandapo, choncho silingasankhidwe ngakhale mwangozi.

Pali ndi mantha. Mwini nyumba amachepetsa chiwerengero cha anthu a lendi poopa msonkho kapena kugwetseredwa zipinda zomwe anamanga popanda chilolezo. Wobwera kuchokera kudziko lina wopanda mapepala amazemba akangoona munthu wa cholembera. Ndipo mphekesera ikamveka kuti olembedwa adzalandira thandizo, zinthu zimatembenuka: banja la anthu anayi limasanduka la asanu ndi awiri.

N'chifukwa chake kafukufuku wabwino amayamba ndi miyendo. Chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba chimaonetsa madenga, koma sichionetsa zitseko zomwe zili pansi pa denga lililonse. Pamafunika anthu oyenda kanjira ndi kanjira, kulemba nambala pachitseko chilichonse ndi choko kapena penti, n'kujambula mapu osonyeza mipopi, zimbudzi, ngalande, potaya zinyalala, togulitsira mankhwala ndi malo omwe amasefukira mvula ikagwa. Ku Kibera komweko, mu 2009 achinyamata a m'deralo anayenda ndi timakina ta GPS n'kuika dera lawo pa mapu a pa intaneti otchedwa OpenStreetMap, pomwe mapu ambiri ankangoonetsa malowo ngati opanda kanthu.

Akusowa chiyani, ndipo wanena ndani?

Mu 1972, katswiri wa ku Britain Jonathan Bradshaw anasonyeza kuti tikamati anthu akusowa chinthu, tingakhale tikunena zinthu zinayi zosiyana. Pali chosowa chimene katswiri amachiona poyerekeza ndi muyezo wake, monga namwino akayeza bambo n'kupeza kuti magazi akuthamanga kwambiri. Pali chimene munthu mwiniyo akuchimva, ndipo bambo uja mwina sakumva kupweteka kulikonse, chomwe chikumusowetsa tulo ndi lendi ya miyezi iwiri. Pali chimene munthu wachitapo kanthu, monga kukaima pamzere kuchipatala kapena kukadandaula ku khonsolo. Chachinayi chimaoneka poyerekeza madera awiri ofanana, lina lili ndi sikelo ya ana, lina lilibe.

Mwa zinayizi, chosavuta kuchiwerenga ndi chachitatu, popeza chinalembedwa kale m'mabuku a chipatala. Apa ndi pamene ambiri amakodwa. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma m'madera osauka ambiri amene amva m'mimba safika pachitseko cha chipatala. Mayi wogulitsa pamsewu akatseka geni tsiku limodzi, ana amagona ndi njala, ndiye amagula mapiritsi awiri pa okala n'kupitiriza ntchito. Wa ganyu sangachoke nthawi yomwe chipatala chili chotsegula. Wina anakalipiridwapo pamaso pa anthu ndipo analumbira kuti sadzabwererako. Buku la chipatala limasonyeza amene anafika basi. Dokotala Julian Tudor Hart, amene ankagwira ntchito m'mudzi wa anthu a m'migodi ku Wales, analemba mu 1971 kuti chithandizo chabwino chimakonda kuchepa kumene chikufunika kwambiri. Wodalira mabuku a chipatala okha amangopitiriza vuto lomwelo, chifukwa amawonjezera thandizo kumene anthu akubwera kale.

Zimene zimachitika pakhomo

Wofunsa mafunso afika pakhomo cha m'ma 10 koloko m'mawa. Bambo anachoka m'bandakucha, mayi ali kumsika. Wapezapo mtsikana wa zaka 14 akuyang'anira ang'ono ake, kapena gogo amene wabwera mwezi watha. Akafunsa amenewa, mayankho okhudza ndalama ndi matenda a m'banjamo amakhala ongoganizira. Akadumpha khomolo n'kupita lotsatira, kafukufuku wake amadzaza ndi anthu opezeka pakhomo masana, ndipo ovutikitsitsa, omwe amachoka kukadali mdima n'kubwera usiku, amasowamo. Njira yake ndi yotopetsa koma palibenso ina: kubwereranso madzulo, kubwereranso tsiku lopuma.

Tsopano tinene kuti mayi wapezeka. Funso papepala likuti, "Kodi muli ndi chimbudzi?" Mayi akuti eya, wofunsa akuchonga. Koma akanapempha kuti akachione, akanapeza kuti chili kumapeto kwa mdadada, chimagwiritsidwa ntchito ndi mabanja onse a pamalopo, chili ndi loko, ndipo kiyi amasunga mwini nyumba amene amagona msanga. Usiku amayi ndi atsikana satuluka poopa kugwiriridwa, amagwiritsa ntchito chidebe chomwe m'mawa chimakhuthulidwa mungalande. Ana ang'onoang'ono salowamo poopa dzenje. Mvula ikagwa chimasefukira. Zonsezi zabisala m'kachizindikiro kamodzi ka "eya", ndipo lipoti lidzanena kuti mabanja ambiri ali ndi zimbudzi pomwe ana akutsegula m'mimba mwezi ndi mwezi.

Madzinso chimodzimodzi. Muyezo wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi la ana la UNICEF umati banja lili ndi madzi pamlingo woyambira ngati likutunga pamalo otetezedwa ndipo kupita, kuima pamzere ndi kubwerera sikupitirira mphindi 30. Koma mpopi ukhoza kukhala pafupi, madzi n'kumatuluka kawiri pa sabata, pakati pa usiku. Ukhoza kukhala wa munthu wogulitsa pa ndowa. Lipoti la 2006 la UNDP, bungwe la United Nations loona za chitukuko, linanena kuti anthu a m'madera osauka a Jakarta, Manila ndi Nairobi ankalipira madzi mtengo wokwera kasanu mpaka kakhumi poyerekeza ndi olemera a m'mizinda yomweyo. Madzi akadula chotero, choyamba kusiyidwa ndi kusamba m'manja. Choncho mafunso ofunika ndi akuti dzulo munatunga ndowa zingati, munalipira zingati, madzi anasowa masiku angati sabata yathayi, ndipo akasowa mumatunga kuti.

Zina sizifunsidwa, zimayezedwa. Kalamba ka pulasitiki kokulunga pamkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka 59 kamasonyeza msanga kunyentchera: mkono ukachepera masentimita 11.5, pomwe kalambako kamakhala kofiira, mwanayo akufunika chithandizo mwachangu, osadikira kuti lipoti lilembedwe. Akuluakulu amayezedwa kuthamanga kwa magazi ndi shuga, matenda amene ambiri amawayesa a olemera pomwe akudya osauka a m'tauni mwakachetechete. Amafunsidwanso za chifuwa chomwe chatenga milungu iwiri osatha, chifukwa TB imafala msanga m'chipinda chimodzi chopanda zenera momwe anthu amaphikamo ndi kugonamo.

Kufunika kwa munthu wodziwa dera kunaoneka kale kwambiri. Mu 1854 kolera inapha anthu oposa 600 m'dera la Soho ku London. Dokotala John Snow anafufuza makomo a omwalirawo n'kuona kuti ambiri ankamwa madzi a pampu ya mu Broad Street, ndipo akuluakulu a deralo anachotsa chogwirira cha pampuyo. Nkhaniyi imatchuka ndi dzina la Snow, koma panalinso m'busa wa deralo, Henry Whitehead, amene poyamba sankakhulupirira maganizo a Snow. Iyeyo ankadziwa mabanjawo ndi maina, ankadziwanso kumene othawa mliri anapita. Atawafunsa mmodzimmodzi anapeza kuti Snow ankanena zoona, ndipo ndi iye amene anatulukira khanda lomwe linayamba kudwala, limene madzi ochapira matewera ake ankatayidwa m'dzenje loyandikana ndi chitsime cha pampuyo. Dokotala anali ndi funso loyenera, koma amene anthu ankamutsegulira chitseko ndi m'busa uja.

Zosanenedwa pamaso pa anthu

Khoma la malata silisunga chinsinsi. Mayi sanganene kuti mwamuna wake amamumenya pamene mwamunayo ali m'chipinda chomwecho kapena aneba akumvetsera. Bungwe la WHO limati pafupifupi mkazi mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi anachitiridwapo nkhanza zomenyedwa kapena zogonana, ndipo lili ndi malangizo okhwima a kafunsidwe kake: mafunso azifunsidwa popanda wina womvetsera, ndi mkazi wophunzitsidwa bwino, kwa mkazi mmodzi yekha pabanja, komanso wofunsayo azidziwiratu kumene angamutumize wovutikayo. Ine ndimaona kuti gulu lomwe silingakwanitse izi lisiye funsolo. Kutsegula bala la munthu n'kumusiya ndi amene anamuvulazayo ndi nkhanza inanso.

Pali zambiri zotere. Ngongole ya katapila, mowa, maganizo ofuna kudzipha, mwana waulumali amene satulutsidwa panja, nkhalamba yogona yokha yomwe palibe akuiphikira, mtsikana amene wasiya sukulu chifukwa cha mimba. Palinso imfa zomwe zinachitikira kunyumba ndipo sizinalembedwe paliponse. Pa zimenezi ofufuza amadikira kuti nthawi ya maliro ipite, kenako amacheza ndi amene ankadwazika, kufunsa zizindikiro zomwe womwalirayo anali nazo, kuti madokotala aganizire chimene chinamupha.

Misonkhano ya m'magulu imathandiza kumva zomwe pepala la mafunso silingagwire, koma imafuna maso. Pamsonkhano wa dera lonse amalankhula ndi eni nyumba, atsogoleri, ndi amuna odziwa kuyankhula pagulu. Wa lendi sangadzudzule chimbudzi pamaso pa amene angamutulutse m'nyumba mawa. Zofuna zawonso zimasiyana. Msewu wabwino ndi mpopi pakhomo zimakweza mtengo wa malo, mwini nyumba amapindula, lendi imakwera, ndipo banja lomwe kafukufuku ankafuna kulithandiza limasamukira kutali kumene kulibe chilichonse. Ndiye amayi amafunika kukumana paokha, achinyamata paokha, a lendi paokha, ndipo amene sangathe kuyenda amafunika kuwatsatira kunyumba.

Eni dera akadziwerenga okha

Mu 1985 khoti lalikulu la ku India linagamula mlandu umene unatsegula njira yochotsera anthu okhala m'mbali mwa misewu ya Bombay, mzinda umene lero ndi Mumbai. Akuluakulu ankawaona ngati anthu ongodutsa. Bungwe lothandiza osauka a m'tauni la SPARC, pamodzi ndi anthu a m'misewumo, linawerenga mabanja pafupifupi 6,000, ndipo zinaoneka kuti ambiri anakhalapo zaka zambiri, ankagwira ntchito, ndipo ankakhala pamenepo kuti aziyenda pansi popita kuntchitoko. Njira yodziwerengayi inafalikira kudzera m'magulu a amayi osunga ndalama, ndipo kuyambira 1996 mgwirizano wa Slum Dwellers International wakhala ukuigwiritsa ntchito m'maiko ambiri a ku Africa, Asia ndi Latin America.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Mnansi amadziwa kuti kuseri kuli chipinda china, amadziwa amene wawonjezera ana pamndandanda, ndipo zotsatira zikawerengedwa poyera anthu amakonza zolakwika pomwepo. Choposa apo, nambala zimatsala m'manja mwa eni dera, n'kupita nazo okha ku khonsolo. Kuipa kwake kuliponso: munthu sauza mnansi za matenda amene akuchita nawo manyazi, ndipo atsogoleri ena amasiya dala anthu amene sagwirizana nawo. Nkhani za nyumba, madzi ndi zimbudzi zimayenda bwino ndi eni dera, pomwe za chinsinsi zimafuna munthu wakunja wophunzitsidwa.

Ku Orangi, dera lalikulu la mumzinda wa Karachi ku Pakistan, Akhtar Hameed Khan anayamba ntchito mu 1980 pokhala nthawi yaitali akumvetsera anthu. Vuto lomwe linaonekera kwambiri linali madzi oipa odzaza m'tinjira. Gulu lake linayeza malo ndi kupereka luso, ndipo anthu a kanjira kalikonse anasonkha ndalama n'kukumba okha mapaipi a zonyansa, boma n'kutsala ndi udindo wa mapaipi akuluakulu. Apa kafukufuku anapeza zosowa, komanso anapeza zomwe anthu anali nazo kale: amisiri, mgwirizano wa kanjira, ndi ndalama zomwe ankataya kale pa matenda. Lipoti lomwe limangondandalika mavuto limachititsa dera kuoneka ngati lopanda manja.

Koma mapu ndi nambala zili ndi mano. Perween Rahman, amene anadzatsogolera ntchito ya Orangi ndipo ankalemba mapu a malo a anthu osauka komanso a mipopi yobera madzi, anawomberedwa n'kufa mu 2013. Mndandanda wa maina ndi makomo umene ungabweretse katemera ungathenso kutsogolera ogwetsa nyumba. Asanalembe dzina loyamba, ofufuza ayenera kugwirizana ndi anthu za amene adzasunge zolembazo, amene adzaloledwe kuziona, ndi zomwe sizidzatuluka.

Pambuyo pa mafunso

Kafukufuku aliyense amatulutsa mavuto ochuluka kuposa ndalama zomwe zilipo, ndiye pamafunika kusankha. Amayang'ana kuchuluka kwa okhudzidwa, kuopsa kwa vutolo, ngati pali njira yodziwika yolithetsera, ndiponso pamene eni dera aliika pamndandanda wawo. Kusankhaku kukachitikira mu ofesi, kawirikawiri kumatsatira zomwe wopereka ndalama anakonzeratu kale. Anthu amene anati vuto lawo ndi ngalande amalandira maphunziro a kusamba m'manja. Madera otchuka amafunsidwa mafunso omwewo ndi magulu osiyanasiyana chaka ndi chaka osaona chosintha, mpaka anthu amatopa, amayankha mothamangitsa mlendo kapena kunena zomwe akudziwa kuti akufuna kumva.

Chovuta china n'chakuti zambiri zodwalitsa anthu sizili m'manja mwa a zaumoyo. Komiti ya WHO yotsogozedwa ndi Michael Marmot inatsindika zimenezi mu 2008, ndipo inapereka chitsanzo cha ku Scotland, dziko lomwe chipatala ndi chaulere kwa onse: mwana wamwamuna wobadwira ku Calton mumzinda wa Glasgow ankayembekezeka kukhala zaka 54, pomwe wa ku Lenzie, makilomita ochepa chabe kuchokera pamenepo, zaka 82. Nyumba, ntchito, sukulu ndi chitetezo ndi zimene zimapanga kusiyana kotere. Kafukufuku wochitidwa ndi achipatala okha, popanda a madzi, a malo, a misewu ndi a sukulu, amathera pa kupeza mavuto omwe mwini lipoti alibe mphamvu yowakonza.

Nambalazonso zimakalamba msanga kumene anthu amasamukasamuka. Dziko la Brazil linasankha njira yosadikira kafukufuku wa apo ndi apo. Kuyambira 1994, pulogalamu yake ya umoyo wa m'mabanja imadalira alangizi okhala m'dera lomwelo, aliyense ndi makomo ake pafupifupi 150 amene amayenera kuwayendera mwezi uliwonse. Amadziwa amene ali ndi pakati, amene wasiya kumwa mankhwala, ndi banja lomwe lafika sabata yatha, ndipo amakanena kwa namwino ndi dokotala wa gulu lawo. Njirayi imafuna malipiro okhazikika a alangiziwo chaka ndi chaka, zomwe maboma ambiri amazengereza nazo. Ndipo ngakhale kumeneko, mlangizi akapeza ana akudwala chifukwa cha ngalande yotsekeka, amafunikabe ofesi ina yoti akaiuze, yomwe ili ndi ndalama zokonzera ngalande komanso udindo woyankha.